Kudyeka kwa zitsulo pansi pa zokutira zosunga kutentha

Kudyeka kwa zitsulo pansi pa zokutira zosunga kutentha ndi kuwonongeka kwa mapaipi, mathanki ndi ziwiya zina za m'mafakitale kumene kumachitika madzi akalowa m'zokutirazo n'kukhalitsa pa chitsulo. M'Chingerezi vutoli limatchedwa corrosion under insulation, ndipo mainjiniya amangolifupikitsa kuti CUI. Limapezeka kwambiri m'mafakitale oyenga mafuta, opanga mankhwala ndi feteleza, m'malo opangira magetsi, pa nsanja zokumbira mafuta m'nyanja, komanso paliponse pamene pali maboyila ndi mapaipi a nthunzi, monga m'mafakitale a shuga ndi a tiyi. Kuopsa kwake n'kwakuti silionekera kunja. Paipi ikhoza kuoneka bwinobwino pomwe m'kati mwa chokutira yatsala pang'ono kubooka.

Zitsulo zonse sizidyeka mofanana. Chitsulo wamba chimachita dzimbiri n'kumapyapyala pang'onopang'ono. Chitsulo cha stainless sichipyapyala kwenikweni koma chimang'aluka. Aluminiyamu, zinki ndi kopa nazo zili ndi adani awoawo. N'chifukwa chake njira yofufuzira vutoli komanso yolipewera imadalira mtundu wa chitsulo, kutentha kwake, ndi zimene zasungunuka m'madzi amene achikhudza.

Mmene madzi amafikira pa chitsulo

Mapaipi ndi mathanki amakutidwa pa zifukwa zitatu: kuti kutentha kusatayike, kuti zozizira zisatenthe, ndiponso kuti ogwira ntchito asapse akakhudza. Zokutira zake zimapangidwa kuchokera ku ubweya wa miyala kapena wa galasi, calcium silicate, perlite, galasi la thovu, kapena mathovu a pulasitiki monga polyurethane ndi phenolic. Pamwamba pake amavekapo malata opyapyala a aluminiyamu, a stainless kapena opakidwa zinki kuti mvula isalowe.

Malata amenewa sakhala otseka mpaka kalekale. Amapindika anthu akamapondapo, zomatira za m'molumikizira zimauma n'kusweka ndi dzuwa, ndipo nthawi zina amisiri akamaliza kukonza valavu sabwezeretsa chokutira mmene chinalili. Madzi amalowa kuchokera ku mvula, ku mapaipi otsukira, ku zida zozimira moto zikamayesedwa, ku nthunzi yodontha, ndi ku mame ouluka kuchokera ku nsanja zoziziritsira madzi. Pa mapaipi ozizira, madzi amachokera mu mpweya weniweniwo: chinyezi chimasanduka madontho pa chitsulo monga mmene botolo lochokera m'firiji limachitira thukuta.

Madzi akalowa satuluka msanga. Amatsikira kumunsi n'kudikha pamalo monga pansi pa paipi yopingasa, pa mphete zogwirira chokutira, pa zochirikizira mapaipi, ndi m'munsi mwa mathanki. Ngati chitsulo n'chotentha, madziwo amauma n'kusiya mchere umene unali m'menemo. Mvula ina ikabwera mchere umasungunuka, kenako umaumanso. Mwa njira imeneyi madzi amene anali ndi mchere wochepa kwambiri amasiya mchere wochuluka pa chitsulo pakapita miyezi kapena zaka. Mchere woopsa kwambiri ndi wa kloraidi, womwe umapezeka mu mchere wa patebulo ndi m'madzi a m'nyanja ya mchere. N'chifukwa chake mafakitale a m'mphepete mwa nyanja amavutika kwambiri kuposa a kumtunda.

Chitsulo wamba

Mapaipi ndi mathanki ambiri a m'mafakitale ndi a chitsulo wamba, chomwe ndi ayironi wosakaniza ndi kaboni pang'ono. Chitsulochi n'chotsika mtengo, n'cholimba ndipo sichivuta kuwotcherera, koma chilibe chodzitetezera ku madzi. Madzi ndi okosijeni zikakumana pa icho, ayironi amasungunuka pang'onopang'ono n'kusanduka dzimbiri. Dzimbiri limeneli ndi lofewa, lili ndi timipata, ndipo limasunga chinyezi, kotero m'malo moteteza chitsulo chotsalacho limathandizira kuti chidyekebe. Limatenganso malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, moti nthawi zina limatukumula malata akunja.

Malangizo a bungwe la American Petroleum Institute amasonyeza kuti chitsulo wamba chili pa ngozi chikamagwira ntchito pakati pa −12 °C ndi 175 °C, ndipo chimadyeka mofulumira kwambiri pakati pa 77 °C ndi 110 °C. Kukazizira kuposa malire a m'munsiwo madzi amakhala oundana, ndipo kukatentha kuposa malire a m'mwambawo chitsulo chimakhala chouma.

Chifukwa chimene chigawo cha pakatichi chilili choopsa chimamveka tikayerekeza ndi mphika wosavundikira. M'madzi a pamtetete, chitsulo chimadyeka mofulumira kutentha kukamakwera mpaka pafupifupi 80 °C, kenako liwiro limatsika chifukwa okosijeni amathawa m'madzi otentha. Pansi pa chokutira zinthu sizitero. Malowo ndi otsekeka, nthunzi imabwerera n'kusandukanso madzi, ndipo kamadzi kopyapyala kamene kali pa chitsulo kamalandirabe okosijeni. Choncho kudyeka kumapitirira kukwera limodzi ndi kutentha mpaka pamene chitsulo chaumiratu.

Malire amenewa sayenera kutengedwa ngati chitetezo chokwanira. Paipi yotentha 300 °C imazizira fakitale ikaima, ndipo pozizira ndi potenthanso imadutsa m'chigawo choopsacho. Nthambi za mapaipi zimene sizidutsa kanthu, timapaipi tating'ono ta mageji, ndi zitsulo zochirikizira zimakhala zozizirirapo kuposa paipi yaikulu. Zida zimene zimatentha ndi kuzizira mosinthanasinthana ndi zimene zimawonongeka msanga kuposa zonse.

Pali zitsulo zina zimene amathiramo kromiyamu ndi molybdenum pang'ono kuti zipirire kutentha kwakukulu, monga za kromiyamu 1.25, 2.25 kapena 9 peresenti. Zimenezi zimalimba m'ng'anjo ndi m'maboyila, koma kromiyamu wake ndi wochepa moti sangaziteteze ku madzi. Pansi pa chokutira chonyowa zimachita dzimbiri ngati chitsulo wamba.

Ubwino umodzi wa chitsulo wamba ndi wakuti kuwonongeka kwake kumayezeka. Chimapyapyala pamalo aakulu kapena kukumbika maenje, ndipo amene wayeza kuchindikala kwake akhoza kuwerengera nthawi imene yatsala chisanabooke.

Chitsulo cha stainless

Chitsulo chimatchedwa stainless chikakhala ndi kromiyamu wosachepera 10.5 peresenti. Kromiyamuyo amagwirizana ndi okosijeni n'kupanga kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, komwe kamatchinga madzi ndipo kamadzikonza kokha kakakandika. Mitundu yofala kwambiri m'mafakitale ndi 304, yomwe ili ndi kromiyamu pafupifupi 18 peresenti ndi nikelo 8 peresenti, ndi 316, yomwe amawonjezeramo molybdenum 2 mpaka 3 peresenti. Mitundu iwiriyi ili m'gulu lotchedwa austenitic.

Anthu ambiri amaganiza kuti kuika stainless m'malo mwa chitsulo wamba kumathetsa vuto. Kunena zoona, kumangosintha mtundu wa vutolo. Kloraidi amaboola kakhungu kaja pamalo ang'onoang'ono n'kuyambitsa timaenje. Ngati chitsulocho chili chokokeka, ming'alu imayambira m'timaenjemo n'kulowa m'kati mwa chitsulo ili ndi nthambi ngati mizu ya mtengo. Kuti kung'aluka kumeneku kuchitike pamafunika zinthu zinayi pamodzi: madzi, kloraidi, kutentha, ndi kukokeka kwa chitsulo. Kukokekako sikuchita kufuna katundu wolemera. Kuwotcherera ndi kupinda paipi kumasiya mphamvu yokoka m'chitsulo yomwe ndi yokwanira, n'chifukwa chake ming'alu yambiri imapezeka pafupi ndi mowotcherera ndi m'makona.

Kung'aluka kotereku sikuchitikachitika pansi pa 50 °C kapena 60 °C, ndipo malangizo ambiri amaika malire a m'mwamba pa 175 °C. Molybdenum wa mu 316 amachedwetsa timaenje, koma saletsa kung'aluka. Mitundu ya kaboni wochepa, 304L ndi 316L, imathandiza pa vuto lina la mowotcherera, koma nayonso imang'aluka ndi kloraidi.

Kusiyana kwakukulu ndi chitsulo wamba kuli apa: paipi ya stainless yong'aluka imakhala ndi kuchindikala kwake konse ndipo ikhoza kukhala yonyezimira. Woyeza kuchindikala sapeza cholakwika. Ming'alu ikhoza kudutsa khoma lonse la paipi m'nthawi yochepa poyerekeza ndi zaka zimene dzimbiri limatenga, ndipo kawirikawiri chizindikiro choyamba chimakhala kudontha.

Kloraidi akhoza kuchokera m'chokutira chenichenicho. Pa chifukwa chimenechi bungwe la ASTM lili ndi muyezo wa C795, womwe zokutira zokhudzana ndi stainless ziyenera kukwaniritsa. Muyezowu umayang'ana kuchuluka kwa kloraidi ndi fluoride amene angasungunuke kuchokera m'chokutira poyerekeza ndi sodium ndi silicate, zomwe zimachepetsa mphamvu yake. Komabe kloraidi wambiri amabwera ndi madzi ochokera kunja, kotero ngakhale chokutira chovomerezeka sichiteteza chitsulo ngati malata akunja akudontha.

Duplex, ferritic ndi zitsulo za nikelo wambiri

Si stainless yense amene amang'aluka mosavuta. Mitundu ya ferritic, monga 430, ilibe nikelo kwenikweni ndipo imapirira kung'aluka kwa kloraidi, koma imachita timaenje msanga ndipo imavuta kuwotcherera ikakhala yochindikala. Pa chifukwa chimenechi sigwiritsidwa ntchito kwambiri pa mapaipi a mphamvu.

Duplex ndi stainless amene m'kati mwake muli magawo awiri osakanikirana, la austenitic ndi la ferritic, pafupifupi theka ndi theka. Mtundu wodziwika kwambiri ndi 2205, wa kromiyamu 22 peresenti, nikelo pafupifupi 5 peresenti ndi molybdenum 3 peresenti. Mng'alu ukayamba m'gawo limodzi umavutika kudutsa m'gawo linalo. Malangizo a American Petroleum Institute amaika chiyambi cha ngozi ya duplex pafupi ndi 140 °C, kutali ndi 60 °C ya 304 ndi 316. Izi zikutanthauza kuti duplex ndi wopirira kwambiri, osati kuti sang'aluka. Pamene madzi a m'nyanja ya mchere akudontha ndi kuuma pa paipi yotentha, duplex nayenso akhoza kung'aluka.

Kuchuluka kwa nikelo kuli ndi mbali yaikulu pa nkhaniyi. Kafukufuku wa H. R. Copson, wofalitsidwa mu 1959, anasonyeza kuti zitsulo za nikelo wapakati pa 8 ndi 10 peresenti ndi zimene zimang'aluka msanga kwambiri m'madzi otentha a kloraidi, ndipo kupirira kumakula nikelo akamachuluka mpaka kupitirira 40 peresenti, pamene kung'aluka kumasowa. Zimenezi zikusonyeza kuti 304 ndi 316, mitundu yofala kwambiri, ili pamalo ofooka zedi. Zitsulo monga Alloy 825, Alloy 625 ndi C-276 zili ndi nikelo wochuluka ndipo sizivutika kwenikweni pansi pa zokutira. Titaniyamu nayenso amapirira madzi a kloraidi bwino kwambiri. Vuto la zitsulo zimenezi ndi mtengo. Nthawi zambiri zimasankhidwa chifukwa cha mankhwala owononga amene akudutsa m'kati mwa paipi, osati chifukwa cha madzi a kunja.

Aluminiyamu ndi zinki

Aluminiyamu amadziteteza ndi kakhungu kake, komwe kamalimba m'madzi opanda asidi wambiri kapena alikali wambiri. Amagwiritsidwa ntchito pa zida zozizira kwambiri komanso ngati malata akunja. Adani ake ndi kloraidi, amene amakumba timaenje, ndi alikali, yemwe amasungunula kakhungu kaja. Zokutira zina monga calcium silicate zikanyowa zimatulutsa madzi a alikali, choncho malata a aluminiyamu amamatidwa pepala la pulasitiki ku mbali ya m'kati. Aluminiyamu akakhudzana ndi kopa kapena chitsulo wamba pamalo onyowa, iye ndi amene amadyeka. Amasungunukanso pa 660 °C, kotero sayenera pamalo pamene chokutira chikuyembekezeka kuteteza chida pa nthawi ya moto.

Kufooka kumeneku, kodyeka m'malo mwa chitsulo china, kumagwiritsidwanso ntchito mwadala. Mapaipi a stainless amakulungidwa ndi pepala la aluminiyamu asanakutidwe, ndipo pepalalo limatchinga madzi komanso limadyeka lokha n'kupulumutsa paipi. Kampani ya ICI ya ku Britain inagwiritsa ntchito njirayi kwa zaka zambiri. Njira ina ndi kupopera aluminiyamu wosungunuka pa chitsulo wamba kapena pa stainless, ndipo chotchinga choterechi chikhoza kukhala zaka zoposa 20.

Zinki ndi amene amateteza malata ofolera nyumba, ndipo pamtetete amagwira ntchito bwino. Pansi pa chokutira chotentha ndi chonyowa amatha msanga. M'madzi ena otentha kuposa 60 °C zinthu zimatembenuka, zinki amaleka kuteteza chitsulo ndipo chitsulocho chimayamba kukumbika pamalo pamene zinki wachoka. N'chifukwa chake penti wa zinki yekha sadaliridwa pa mapaipi otentha okutidwa. Palinso ngozi ina: zinki amasungunuka pa 420 °C, ndipo pa nthawi ya moto, zinki wosungunuka akadonthera pa stainless wotentha kwambiri amalowa m'chitsulomo n'kuching'ambula mwadzidzidzi.

Kopa ndi brasi

Mapaipi a kopa amapezeka kwambiri m'makina oziziritsira, m'mafiriji akuluakulu ndi m'mizere ya madzi ozizira ndi otentha ya m'nyumba zazikulu. Kopa sachita dzimbiri lofiira ndipo kloraidi samung'alula monga amachitira ndi stainless. Mdani wake wamkulu ndi amoniya. Chinyezi, okosijeni ndi amoniya pang'ono zikakumana pa kopa kapena brasi wokokeka, chitsulocho chimang'aluka. Brasi, yemwe ndi kopa wosakaniza ndi zinki, ndi amene amang'aluka mosavuta.

Vutoli linadziwika kalekale pakati pa asilikali a Britain ku India, kumene makatiriji a brasi osungidwa m'makola a akavalo ankang'aluka m'nyengo ya mvula. Mu 1921 zinafotokozedwa kuti chochititsa chinali amoniya wochokera mu mkodzo wa akavalo. Pansi pa zokutira, amoniya akhoza kuchokera ku mathovu ena, ku zomatira, ku mankhwala otsukira kapena ku mpweya wa pamalopo. Mathovu ena akanyowa amatulutsanso asidi, yemwe amadya kopa ndi chitsulo wamba chomwe.

Chitsanzo cha ku Flixborough

Ngozi ya pa fakitale ya Nypro ku Flixborough, ku England, ikusonyeza kuti mtundu wa mchere umene uli m'madzi ungasinthe mmene chitsulo chimawonongekera. Pa 27 Malichi 1974 anapeza kuti chimodzi mwa ziwiya zisanu ndi chimodzi zophikiramo mankhwala a cyclohexane chinali ndi mng'alu wotalika pafupifupi mamita 1.8. Chiwiyacho chinali cha chitsulo wamba chokhala ndi stainless wopyapyala m'kati. Ofufuza anapeza kuti madzi oziziritsira okhala ndi naitireti ankathiridwa pamalo amene pankadontha, ndipo madziwo analowa m'chokutira, n'kuuma, n'kusiya naitireti pa chitsulo chotentha. Chitsulo wamba, chomwe nthawi zambiri chimangopyapyala, chimang'aluka chikakumana ndi naitireti wotentha.

Chiwiyacho chinachotsedwa ndipo m'malo mwake anaikapo paipi yongoyembekezera. Pa 1 Juni 1974 fakitale inaphulika ndipo anthu 28 anafa. Bwalo lofufuza linagamula kuti paipi yongoyembekezerayo ndi imene inalephera. Mng'alu wa pansi pa chokutira sunaphulitse fakitale mwachindunji, koma ndi umene unayambitsa kusintha kumene kunabweretsa ngoziyo. Pa kafukufuku yemweyo nkhani ya zinki wong'ambula stainless pa moto inakambidwanso kwambiri.

Kufufuza ndi kuteteza

Njira yodalirika kwambiri ndi kuchotsa chokutira n'kuona chitsulo ndi maso, koma imadya ndalama ndi nthawi, makamaka pa fakitale ya mapaipi otalika makilomita ambiri. Choncho oyang'anira amayamba ndi malo okayikitsa: pamene malata apindika kapena atukumuka, pamene pali madontho a dzimbiri, ndi pamene madzi angadikhe. Makamera oona kutentha amasonyeza pamene chokutira chanyowa, ngakhale saonetsa mmene chitsulo chilili.

Pa chitsulo wamba, kujambula ndi cheza cha X-ray kapena gamma kumaonetsa kupyapyala popanda kuchotsa chokutira. Palinso chida cha pulsed eddy current, chomwe chimayeza kuchindikala kudzera m'chokutira, koma chimagwira pa zitsulo zokoka maginito basi. Njira zimenezi sizithandiza kwenikweni pa 304 ndi 316, zomwe sizikoka maginito ndipo vuto lake ndi ming'alu yopyapyala ngati tsitsi. Pa zimenezi pamafunika kuvundukula, kutsuka, n'kupaka utoto wolowerera m'ming'alu kapena kuyendetsa chida cha eddy current pa chitsulo penipeni.

Chitetezo nachonso chimatsatira mtundu wa chitsulo. Chitsulo wamba chimapakidwa penti wopirira madzi otentha, monga epoxy phenolic, kapena kupoperedwa aluminiyamu. Stainless amapakidwa penti wopanda kloraidi ndi zinki, kapena kukulungidwa ndi pepala la aluminiyamu. Kopa amafuna zokutira ndi zomatira zopanda amoniya. Pa mapaipi ozizira pamafunika chotchinga chinyezi chosabooka paliponse. Pamene chokutira chinaikidwa kungoti anthu asapse, mafakitale ambiri amachichotsa n'kuikapo sefa yawaya, chifukwa paipi yosakutidwa imauma yokha ndipo imaoneka.

Malangizo ndi miyezo

Vutoli linayamba kukambidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene kukwera mtengo kwa mafuta kunachititsa mafakitale kukuta zida zambiri pofuna kusunga kutentha. Mu 1983 kunachitika msonkhano wa akatswiri ku San Antonio, m'chigawo cha Texas, ndipo zokambirana zake zinasindikizidwa ndi ASTM mu 1985. Bungwe la NACE linatulutsa malangizo ake mu 1998, omwe tsopano amadziwika kuti SP0198, ndipo American Petroleum Institute inatulutsa RP 583 mu 2014. Mu 2021 NACE inaphatikizana ndi bungwe la SSPC n'kupanga AMPP.

Malangizowa amasiyana pang'ono pa manambala. Mwachitsanzo, SP0198 imayambira pa −4 °C pa chitsulo wamba ndi 50 °C pa stainless, pomwe RP 583 imayambira pa −12 °C ndi 60 °C. Onse amagwirizana pa mfundo ziwiri: popanda madzi palibe chitsulo chimene chimadyeka pansi pa chokutira, ndipo pa zaka zambiri zimene fakitale imagwira ntchito, madzi amapeza polowera. Choncho wokonza mapulani amayenera kusankha penti, chokutira ndi njira yofufuzira molingana ndi mmene chitsulo chimene wasankhacho chidzawonongekere madziwo akadzafika.